Nyumba ya njerwa zosawotcha ndi udzu ku Senga Bay, patatha madzinja awiri

Ndadikira dala kuti padutse madzinja awiri ndisanalembe za amisiri amene anatimangira nyumba ku Senga Bay, chifukwa tsiku lolandira makiyi chilichonse chimaoneka bwino, umafunika uone kaye mvula ndi mwera. Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, ndipo imodzi ndawachotserayo ndinena chifukwa chake.

Ife tinkafuna nyumba ya zipinda zitatu yokhalamo tokha, koma yozizirirapo. Amene munakhalako ku Salima mwezi wa Okutobala mukudziwa mmene nyumba ya malata yopanda siling'i imaotchera, mpaka usiku kumakagona pakhonde udzudzu nkumakudyani. Gulu limeneli limamanga ndi njerwa zosawotcha, zija amati ma SSB, dothi losefa kuthira simenti pang'ono nkulipsinja pa makina a manja. Denga la udzu, phaso la bulugamu, siling'i ya nsungwi, maziko a miyala.

Tinayamba ndi kukangana pa nkhani ya malo. Ine ndinkafuna pafupi penipeni ndi madzi, kuti ndikatsegula chitseko m'mawa ndiziona asodzi akukocheza. Mkulu wa gululo, bambo wachikulire wolankhula mofatsa, anayenda nane pamchenga mpaka pa thanthwe lina nkundilozera mzere wakuda umene madzi anasiya kalekale, nkuti "achimwene, nyanja inafikapo apa ndipo idzabweranso". Anatikankhira kumtunda ndithu, maziko nkuwakweza kufika m'chiuno. Ndinanyinyirika kwambiri chifukwa miyala ndi thiransipoti yake zinadya ndalama, komanso kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ife tisanamalize, simenti nkukwera nthawi yomweyo. Koma 2024 nyanja itasefukira, nyumba ndi malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi analowa madzi, ndipo pamalo ndinkaumirira ine paja ana ankapalasapo bwato. Kwathu madzi anathera pa mpanda. Pa chimenechi chokha bambo amene aja ndimawalemekeza mpaka lero.

Za njerwa ndilibe dandaulo. Dothi la kunyanja ndi mchenga wokhawokha siligwira, ndiye anakatenga lofiira kumtunda, ndipo asanayambe kuumba anathira dothilo m'botolo la madzi nkukhutchumula, kulisiya usiku wonse, m'mawa mchenga uli pansi dongo lili pamwamba, iwo nkuyeza ndi chala kuti adziwe simenti yofunika. Njerwazo ankaziphimba ndi pulasitiki nkumazithirira m'mawa uliwonse, ndipo anakanitsitsa kumangira pasanathe milungu 4 ngakhale ine ndinkawafulumizitsa. Mnyamata wawo wina anatenga imodzi nkuigwetsa pansi kuchokera paphewa ine ndikuona, siinasweke. Chomwe chimandisangalatsa nchakuti palibe mtengo unagwa kuti tiwotche uvuni, pajatu mapiri athu ayera chifukwa cha nkhuni za njerwa ndi makala, nchifukwa chake boma mu 2018 linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga zake ndi zamalonda.

Kuzizira kwake nde eee. Masana dzuwa lili paliwombo ukalowa mkati thupi limamva kusintha pakhomo pomwe, fani tinagula koma imangokhala pakona. Mawindo anawaika moyang'anizana kuti mphepo ya kunyanja izilowa uku nkutulukira uko, denga ndi lalitali komanso lotsetsereka kwambiri, anati udzu ukagona madzi amakhazikika nkuwoletsa. Linatuluka kunja kwa khoma pafupifupi mita yathunthu ndiye mvula yobwera ndi mpoto siimenya njerwa. Kunja tinapaka laimu osati penti, chinyezi sichitsekeredwa mkati, ndipo mvula ikamagwa usiku mumacheza bwinobwino osakuwa ngati pansi pa malata.

Tsopano zomwe zinandipweteka. Kufolera anathamangitsa chifukwa mitambo inali itayamba kale, pamsana pa denga sanamange bwino, Januwale woyamba panayamba kudontha pabalaza pomwe, ife kutchera mabeseni awiri. Kuimba foni ankayankha mwaulemu, "tibwera mawa bwana", koma mawa lakelo linatenga milungu itatu mphasa yathu nkuchita nkhungu. Atabwera anakonza bwino, anasasula pamwamba ponse nkufoleranso ndi udzu wopesa, dzinja lachiwiri silinadonthe ngakhale dontho. Koma nthawi ya mvula munthu sumusiya milungu itatu akutchera mabeseni.

China ndi nsungwi. Pa mgwirizano tinamvana kuti zonse zinyikidwa m'mankhwala a borax, koma zikuoneka kuti mtolo womaliza anangoukhoma wauwisi. Patapita miyezi ingapo mayi a kunyumba anayamba kuona kaufa kachikasu pa bedi m'mawa uliwonse, kuyang'ana kumwamba nsungwi zaboola timabowo, zafumbwa. Anasintha osatilipiritsa ntchito koma galimoto yonyamula nsungwi zatsopano ndinalipira ndine, zomwe sindinaone chilungamo chake popeza kulakwa kunali kwawo.

Palinso zina zomwe si vuto la amisiri koma muzidziwiretu. Chiswe muziyendera mwezi ndi mwezi, mukaona kanjira kadothi kakukwera maziko phwanyani tsiku lomwelo. Mileme imakonda denga la udzu, ife tinachita kutseka mipata ya pansi pa phaso ndi sefa ya waya. Khitchini anatilangiza kuti ikhale payokha chapatali ya malata chifukwa cha moto, ndipo udzu wozungulira nyumba timalambula mwera usanayambe mu Juni, moto wolusa ukabwera ndi mphepo imeneyo sufunsa. Pa mtengo musayembekezere kuti zitchipa kwambiri, mmisiri wodziwa kufolera bwino ndi wodula ndipo pamsana pa denga pamafuna kukonzanso pakapita zaka zingapo.

Amene mukufuna kuwalemba ntchito, gulani udzu Juni kapena Julayi ukangomwetedwa tchire lisanapse, nsungwi muzikhalapo nokha tsiku lonyika, ndipo ndalama yomaliza mugwirizane polemba kuti mupereka mvula yoyamba ikadutsa. Ife chaka chamawa tikufuna kuwonjezera kanyumba ka alendo kuseri, ndiwaitananso omwewo, koma ntchito idzayamba mu Meyi kuti kufolera kudzathe dzuwa likadalipo.