Ma tour a pa doko mu cruise ya ku Mediterranean, ena bho ena ayi

Amene mukuganiza zokwera chisitima cha pamadzi ku Europe, ndikuuzeniko za ma tour amene kampani imagulitsa mukaima pa doko. Wa ku Rome sunandisangalatse olo pang'ono. Sitima imaima ku Civitavecchia, pafupifupi makilomita 80 kuchoka mumzinda, ndiye nthawi yambiri mumangoithera mu basi, kufika pa Colosseum, bwalo lamasewera lakalekale, gaidi wanyamula kambendera akuthamanga ngati kwawo kwapsa, pa kasupe wotchuka wa Trevi anthu pwirikiti moti kuponya kakobiri m'madzimo ndi nkhondo ndithu. Ndalama zake zowawa koma zimene mumaona n'zochepa.

Koma wa ku Pompeii kuchokera ku Naples, eee, lipirani osaganiza kawiri. Mzinda wa Pompeii unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius mu 79 AD ndipo popanda wofotokoza mungangoona miyala basi. Gaidi wathu anatiimika pamsewu kutionetsa mizere imene mateyala a ngolo anakumba m'miyala, komanso miyala ikuluikulu pakati pa msewu yomwe anthu ankapondapo powoloka kuti asaponde madzi akuda. Valani nsapato zabwino, mthunzi ngochepa.

Ku Barcelona yendani nokha, basi ya pa doko imakutsitsani pafupi ndi msewu wotchuka wa La Rambla, ingogulani tikiti yolowera m'tchalitchi chotchuka cha Sagrada Família pa intaneti musanafike, ndipo chikwama chikhale kutsogolo, akuba alipo. Chenjezo lake ndi loti mukachedwa muli nokha sitima sikudikirani, imadikira a tour ya kampani okha.