Ndemanga: ulendo wokaona zomera pa chimwala cha kumsewu wa Chadiza (nyenyezi 4 mwa 5)

Mtengo wake si woboola m'thumba, ndipo chomwe mukulipira kwenikweni ndi nzeru za bambo amene amatsogolera gulu. Kukwera kokha ndi kwapafupi, ngakhale mwana wa sukulu atha.

Ambiri a ife kuno ku Chipata tikaona thanthwe loyera timangoti palibe chomera. Bambowa anatigwaditsa n'kutionetsa kuti ndere zotuwa ndi zachikasu zomatirira pamwalapo ndizo zimayamba ntchito. Zimafumbutsa mwala pang'onopang'ono ndi kugwira fumbi, kenako udzu wolimba umamera n'kulukana mizu mpaka kukhala ngati mphasa yoyala pamwala. Anatukula m'mphepete mwake kuti tione: dothi lake silifika kutalika kwa chala, lakuda, losakanikirana ndi timchenga tonyezimira. Mwalawu ndi wa mtundu wa granite, uli ndi quartz (timiyala tolimba tonyezimira ngati galasi) wambiri koma laimu wochepa, n'chifukwa chake dothi lochokerako limakhala la asidi ndiponso losauka. Mvula ikagwa madzi amangotsetsereka, dzuwa likawala thanthwe limauma tsiku lomwelo.

Chimene chinandigwira mtima ndi kachitsamba kotchedwa Myrothamnus flabellifolius. Tinakapeza kali gwa, kofiirira, masamba atapindana, koyenera kukolezera moto basi. Iwo anathyola kansonga kamodzi, anatinunkhizitsa (kafungo kake n'konunkhira ngati mankhwala a chifuwa, ndipo anthu amaviikadi masamba ake akadwala chimfine), n'kukaponya m'botolo la madzi. Pomwe timatsika masana kanali katayamba kutambasuka, ndipo m'mawa mwake anatitumizira chithunzi pa WhatsApp kali biriwiri. Anationetsanso cheyo, cha tsinde laulusi lakuda ndi moto wolusa, chomwe agogo athu ankatsukira miphika. Chimachita maluwa mvula yoyamba ikangogwa, koma sakhalitsa. Kachere amene mizu yake yalowa m'ming'alu ya mwala uja aliyense anamujambula, ine sanandidabwitse kwenikweni.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Galimoto inachedwa kwambiri kudzatitenga, moti tinafika pathanthwe dzuwa litakwera, ndipo mu October mwala umawotcha mpaka kudutsa nsapato. Madzi akumwa omwe analonjeza anali ochepa. Chachiwiri n'chimene chinandikwiyitsa. Mnyamata wawo wothandizira amagulitsa alovera wa m'phiri ndi tizomera tina tozula pomwepo, atatiika m'mapepala a shuga. Nditafunsa kuti, "Kodi bambo, izi mukuzilola?" anangoyang'ana kumbali n'kunena kuti mnyamatayo naye ali ndi banja. Komatu iwo omwe anali atangotiuza kuti udzu wolukana uja ukazulidwa, mvula imakokolola dothi lonse ndipo pamatenga zaka zambiri kuti pabwerere mwakale. Tizomerato tikafika m'dothi lonenepa la kudimba n'kumathiriridwa tsiku lililonse, nthawi zambiri timangowola mizu. Musagule.

Mukafuna kupita, sankhani kumapeto kwa November kapena December mvula itangoyamba, ndiye mudzaona zonse zitadzuka. Pemphani kunyamuka 6 koloko m'mawa, tengani madzi anuanu, ndipo valani nsapato zogwira bwino chifukwa ndere zikanyowa zimaterera koopsa.