Close, Rafiki, Moonlight kapena Inxeba: muyambe ndi iti?

Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Dedza, ndipo anzanga amadziwa kuti bandulo yanga imathera pa mafilimu. Masiku ano ena amandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu za mafilimu a achinyamata amene akukula ali ndi mafunso mumtima: kodi mnzangayu, mnyamata kapena mtsikana ngati ine ndemwe, ndimamukonda ngati mnzanga chabe kapena mwanjira ina, nanga anthu akadziwa zitha bwanji? Ofunsa ambiri ndi makolo ndi aphunzitsi. Pa amene ndaonera, anayi ndi amene ndinachita kubwereza, ndipo sagwira ntchito imodzi.

Close ndi ya ku Belgium, ya 2022, ndipo anaikonza ndi Lukas Dhont. Léo ndi Rémi ali ndi zaka 13. Amapalasira njinga limodzi, amathamangitsana m'minda ya maluwa imene makolo a Léo amalima, usiku amagona malo amodzi. Atangoyamba sekondale, atsikana ena m'kalasi awafunsa ngati ali pachibwenzi. Léo akana, nanena kuti iwo ali ngati pachibale, koma funsolo limulowa. Ayamba kusuntha Rémi akamutsamira, alowa timu ya ice hockey, masewera olimbana a pa madzi oundana, kuti aoneke mwamuna, tsiku lina apita kusukulu osamudikira. Filimuyi sinena paliponse kuti anyamatawa ndi otani. Chimene ikuonetsa ndi mmene funso limodzi la anthu lingaphere ubwenzi. Ndiulule dala, chifukwa simuyenera kuionetsa mwana musakudziwa: pakati pa filimuyi Rémi amadzipha, ndipo theka lotsalalo ndi Léo atasenza yekha chimene sangathe kuuza aliyense.

Ngakhale ndi ya azungu, iyi ndi imene ili pafupi kwambiri ndi kwathu. Ife tinakula tikuyenda ndi anzathu titakolowekana zala kuchokera kusukulu mpaka kumsika. Mu Juni ndi Julaye, mphepo ya m'phiri la Dedza ikamaluma, anyamata awiri kufunda bulangete limodzi sinali nkhani. Teremu yathayi ndinaona anyamata awiri a Fomu 2 atagwirana manja pa nthawi ya buleki, wina n'kuwakuwiza kuti, "Inu, mkazi ndi ndani pamenepo?" Anataya manja ngati agwira khala la moto. Mpaka titatsekera sindinawaonenso atakhala desiki imodzi. Close inapata mphoto ya Grand Prix pa chionetsero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2022, koma chimene chinandibwezeretsa kwa iyo ndi manja aja.

Rafiki, ya 2018, ya Wanuri Kahiu wa ku Kenya, imanena poyera zimene Close imasiya. Kena ndi Ziki ndi atsikana a ku Nairobi amene akudikira zotsatira za mayeso, ndipo abambo awo akupikisana pa mpando umodzi pachisankho. Chinzawo chawo chisanduka chikondi. Nkhaniyi inachokera pa nthano yaifupi ya Monica Arac de Nyeko wa ku Uganda, Jambula Tree, imene inapata Caine Prize, mphoto ya olemba nthano a mu Africa, mu 2007. Zambiri za m'menemo mudzazizindikira: mayi wa pakagolosale amene amaona zonse n'kufalitsa, ulaliki wa Lamlungu, gulu la anthu likuwamenya, kenaka apolisi kutenga omenyedwawo. Ziki amutumiza ku London, Kena amutengera kokamupempherera. Pamalo amene bambo ake a Kena, amene akudziwa kuti nkhaniyi iwaluzitsa mavoti, akukamutenga mwana wawo kupolisi osamukana, m'pamene ndimafuna kholo lililonse litaona.

Bungwe loona za mafilimu ku Kenya linaletsa Rafiki mu Epulo 2018, isanaonetsedwe ku Cannes, kumene inali filimu yoyamba ya dzikolo kufikako. Mu Sepitembala khoti linalola kuti ionetsedwe masiku 7 okha. Ife sitingaionere ngati nkhani ya kutali. Ndime 153 ya malamulo athu a milandu imapereka chilango chofika zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha. Mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa zaka zimenezo asanakhululukidwe ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linati malamulowa akhalebe. Mwana wa kuno woonera Rafiki amadziwa kuti mantha a Kena si a m'filimu mokha. Pofooka pa filimuyi m'pakuti imathamanga. Ndi ya mphindi 83 zokha, ndipo chikondicho chimakula msanga kuposa mmene atsikana awiri amantha angachitire. Komabe ndi yowala, ya nyimbo ndi mitundu, ndipo Chingerezi chake chosakaniza ndi Chiswahili sichivuta khutu lathu.

Moonlight ya Barry Jenkins, ya 2016, ndiyo yopangidwa mwaluso kuposa zonsezi, ndipo inatenga mphoto ya Oscar ya filimu yopambana mu 2017. Imatsata Chiron wa ku Liberty City mu mzinda wa Miami pa misinkhu itatu: ali mwana, ali kusekondale, ndiponso atakula. Mayi ake ndi kapolo wa mankhwala osokoneza bongo, ndipo womulera mwachikondi ndi Juan, yemwenso amagulitsa mankhwalawo. Gawo la pakati ndilo la nkhani yathu. Kevin, mnzake yekhayo wa Chiron, akakamizidwa ndi anyamata ovuta a pasukulu kuti amumenye pagulu, ndipo amumenyadi pofuna kudziteteza. Amene anaphunzirako sukulu yogonera komweko amadziwa mnyamata wotere, woti mukakhala awiri ndi wabwino koma pagulu amakugulitsa. Ili ndi mawu otukwana ndi malo ena osayenera ana, ndipo Chingerezi cha m'misewu ya Miami n'chovuta popanda mawu olembedwa m'munsi. Ndi ya inu akuluakulu, kuti muone kumene mwana wosowa womumvera amakathera: Chiron wamkulu ndi chimunthu cha minofu ndi mano agolide, koma mkati akadali kamwana kaja.

Inxeba, imene m'Chingerezi amaitcha The Wound, ndiyo yovuta kuiweruza. Ndi ya ku South Africa, ya 2017, ya John Trengove, m'Chixhosa. Imachitikira kumapiri a Eastern Cape pa chinamwali cha anyamata chotchedwa ulwaluko. Xolani ndi mmodzi mwa osamalira anamwali, ndipo ali ndi chinsinsi ndi mnzake Vija, bambo wapabanja. Kwanda, mnyamata wa ku Johannesburg amene bambo ake amubweretsa kuti akhwime, azindikira chinsinsicho. Mafumu ndi magulu ena a Axhosa anakwiya kuti yaulula za kuthengo, mu Febuluwale 2018 inaikidwa m'gulu la X18 limodzi ndi mafilimu olaula, mpaka khoti linadzasintha chigamulocho. Mkwiyo umenewo ndimaumvetsa. Kwathu kuno za kudambwe sitikamba pabwalo, ndipo anzathu a jando nawo ali ndi zawo. Angoni a ku Ntcheu, amene makolo awo anachokera kum'mwera komweko, adzamva mawu ena ofanana ndi a m'nyimbo za ngoma, ndipo mwina adzamva kuwawa koposa ine. Koma funso la filimuyi ndi loona: tikamati tikupanga mwamuna, mnyamata wosakwana m'chikombole chathu timamutani? Mathero ake ndi oopsa, muli za akuluakulu, ndipo ubwenzi wa achinyamata mulibemo kwenikweni. Sindingaionetse mwana wa sukulu.

Ena amatchula Love, Simon ya 2018. Ndi yopepuka, yoseketsa, ndipo imatha bwino. Koma mnyamata wa galimoto yakeyake, amene makolo ake amamulandira patangopita masiku ochepa, sanganene zambiri kwa mwana wa ku Linthipe kapena ku Bembeke.

Kwa anyamata okopera mafilimu m'mamemore khadi pa boma pano sindinapezeko ngakhale imodzi mwa zinayizi, ndipo sindingafune kumva Close itamasuliridwa ndi aja amaikamo nthabwala, chifukwa mphamvu yake ili pamene anthu akhala chete. Mufunika intaneti ndi mawu a m'munsi. Close ndi ya Chifalansa ndi Chidatchi, koma zolankhula ndi zochepa, moti wa Fomu 2 atha kutsatira.

Ngati muli ndi wachinyamata pakhomo, yambani ndi Close, muonere limodzi, ndipo musamusiye yekha ikatha. Ngati mukuganiza kuti nkhaniyi ikumukhudza iye mwini, onerani Rafiki nokha kaye musanamuyankhule. Ine Close ndinaonera ndi mwana wa achemwali anga, wa zaka 16, pa tchuthi. Sanayankhule mpaka mawu omaliza atadutsa. Kenaka anafunsa kuti, "Amalume, Rémi uja bwanji sanangowauza amayi ake?" Ndinamufunsa ngati iye akanawauza ake. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, n'kunena kuti mwina akanauza ine.