API Freshwater Master Test Kit: kabokosi kothandiza pa dziwe la nsomba, koma sikaona poizoni wa ndere

Kabokosi aka anakapangira nsomba zoweta m'magalasi a m'nyumba, komabe mlimi wa ku Chipata, Katete kapena Lundazi atha kukagwiritsa ntchito pa dziwe lake bola adziwe pamene kamalekezera. Muli timabotolo ta mankhwala odontheza, timachubu tinayi tokhala ndi mzere wa 5 ml, ndi khadi la mitundu. Kamayeza pH (muyeso wa asidi m'madzi: nambala ikamakwera ndiye kuti asidi akuchepa), ammonia (zoipa zochokera ku ndowe za nsomba ndi zakudya zowola), komanso nitrite ndi nitrate, zimene ammonia imasanduka m'madzi.

Chimene timakayamikira kwambiri ndi muyeso wa ammonia. Thirani madzi mpaka pamzere, donthezani madontho 8 a botolo loyamba ndi 8 a lachiwiri, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 5. Chikasu ndiye kuti madzi ali bwino, akamabiriwira ndiye kuti ammonia yakwera. Vuto lili pomwepa, chifukwa madzi a dziwe lodzaza ndere amakhala obiriwira kale ndipo diso limanamizika. Muyambe mwawasefa pansalu yoyera yopinda kanayi, ndipo muwerengere chubucho pamthunzi, mutachigunditsa pamalo oyera a khadi. Nitrite ndi yosavuta: madontho 5, mphindi 5. Nitrate imafuna kukhutchumula botolo lachiwiri masekondi 30, mukachita ulesi imaonetsa nambala yotsika yabodza.

Pa pH m'pamene kabokosika kamaperewera. Mwa mabotolo awiri oyezera pH, la pH yokwera limathera pa 8.8. Dziwe limene ndere zachuluka, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, limafika pa 9 kapena 10 cha m'ma 3 koloko masana, chifukwa ndere zimakhala zayamwa carbon dioxide yense m'madzi. Kusiyana kumeneku si kwamasewera. Pa pH 7, gawo la ammonia limene limapha nsomba silifika 1 peresenti, koma pa pH 9 m'madzi ofunda limayandikira 40 peresenti. Mukaona mtundu wafika kumapeto kwa khadi, dziwani kuti nambala yeniyeni itha kukhala pamwamba pake.

Okosijeni sikayeza konse, pamene nsomba zambiri za m'dziwe la ndere zimafa ndi kubanika. Usiku ndere zimatha mpweya, ndipo mbandakucha mumapeza nsomba zikuyasama pamwamba. Pamafunika kachipangizo kena, ndipo muziyeza dzuwa lisanatuluke. Mpweya ukatsika pansi pa 3 mg pa lita, nsomba zimaleka kudya bwino.

Chachikulu n'chakuti kabokosika sikaona poizoni. Si ndere zonse zoipa, zobiriwira pang'ono ndi chakudya cha nsomba. Zoopsa ndi cyanobacteria monga Microcystis, zimene zimayandama ngati penti wobiriwira wotayikira ndi kuunjikana mbali imene mphepo ikulowera. Zimatulutsa microcystin, poizoni wowononga chiwindi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a microgram 1 (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa lita m'madzi akumwa. Kuwiritsa madzi kapena kukazinga nsomba sikumuchotsa. Mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo boma la kumeneko linati chinazipha ndi poizoni wa ndere zamtunduwu. Ng'ombe ndi agalu omwa padamu lotere ali pangozi yomweyo. Mayeso onse anayi atha kutuluka bwinobwino poizoniyo ali m'madzi. Pali timapepala tapadera toyezera microcystin, togulitsidwa patokha, ndipo timawerengedwa mobwerera: mzere ukazimiririka ndiye kuti poizoni alipo.

Pambali pa kabokosika muzichita izi, sizifuna ngwee. Vikani dzanja mpaka m'chigongono. Chikhatho chikaleka kuoneka madzi asanafike pachigongono, ndere zapitirira muyeso, koma musatero ngati pamwamba payala kale chonga penti, pamenepo gwiritsani ndodo. Ndodoyo ikatuluka ndi zingwezingwe ngati tsitsi, ndi ndere wamba. Ikatuluka yopakika ngati penti, kayikirani. Mutha kutunganso madzi m'botolo loonekera, kusiya mpata pamwamba, n'kuliika pozizira usiku wonse. Ndere wamba zimakhazikika pansi, cyanobacteria zimapanga mkombero pamwamba.

Zikatero siyani kuthira manyowa a nkhuku ndi feteleza, chepetsani gaga kapena imani kudyetsa masiku awiri, engulani zoyandama n'kuzikwirira kutali ndi ziweto, ndipo lowetsani madzi atsopano. Madzi otulutsawo asapite kumtsinje kumene anthu amatunga. Musathire mankhwala ophera ndere a copper sulphate, chifukwa amaswa nderezo n'kutulutsira poizoni yense m'madzi nthawi imodzi, ndipo zikamawola zimathanso mpweya. Poizoni amaunjikana kwambiri m'chiwindi ndi m'matumbo a nsomba, choncho musakolole ndere zili pachimake, ndipo nsomba zotoledwa zitafa kale zisalowe mumsika kapena mumphika. Adziwitseni alangizi a Department of Fisheries m'boma lanu.

Kwa mlimi wa maiwe awiri kapena atatu, kabokosika n'koyenera kugula chifukwa cha ammonia ndi nitrite. Pogula onani tsiku lothera ntchito pa botolo lililonse, ndipo mukasunge pamthunzi, osati pansi pa malata otentha.