Hilux yanga patatha miyezi 15 chichokereni kwa owongola bodi

Alamu anga agula Land Cruiser yakale ya pikapu, yodyeka m'munsi mwa zitseko, ndipo Lamlungu lapitali anandifunsa kuti, "Alamu, amene anakuwongolerani galimoto aja, ndikawapatse yangayi?" Ndinayamba ndakhala chete. Chaka chatha ndikanayankha ndisanaganize n'komwe, pajatu galimoto itangotuluka ndinalemba zoyamikira, kuti yabwerera mwakale ndiponso kuti ndalama zanga sizinalowe m'madzi. Koma pomwe amandifunsapo n'kuti m'thumba la malaya muli kapepala ka K640,000, mtengo wokonzeranso malo omwe ndinalipira kale. Ndiye ndati ndilembenso, poti tsopano galimotoyi yaona mvula ya zaka ziwiri.

Kwa omwe simukuidziwa, ndi Toyota Hilux ya 4x4, kabini imodzi, mtundu wa LN106 wa 1994, injini ya dizilo ya 2.8 yomwe amaitcha 3L. Ndi zija za masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, zoti ukafika pamatope umatsika kukatseka mahabu ndi dzanja. Ndinaigula mu Ogasiti 2023 pa K7.2 miliyoni kwa bambo ena a ku Dedza omwe ankanyamulira mbatatesi ndi feteleza. Injini inkalira mokoma, chassis titaigogoda ndi hamala inali yamoyo, koma bodi inali itatheratu. Ukaima kumbuyo konyamulira katundu unkaona nthaka kudzera m'mabowo. Feteleza ndi mchere, amakoka chinyezi, ndiye akatayikira m'makona n'kukhala momwemo zaka, chitsulo chimangoyoyoka m'manja. Za kumbuyoko bambowo sanabise. Za kabini ndiye anandiuza kuti sinakhudzidwepo, koma galayindala inadzaulula: m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pakona ya mbali ya dalaivala, munali fila, phala lija amamata posalaza bodi, wokhuthala ngati chala, wophimba bowo.

Ntchito ndinaipereka kwa mmisiri wina wa ku Biwi ku Lilongwe, bambo achikulire omwe anzanga awiri anandilozera. Tinagwirizana K1.6 miliyoni, milungu 6. Inatenga miyezi itatu ndi theka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti galimoto ili pamiyala, yopanda galasi, yopanda zitseko, ndipo penti, thina ndi gasi zinakwera sabata yomweyo. Anandipempha K500,000 yowonjezera. Ndinapereka osanyinyirika, pakuti mitengo m'mashopu ndinkaiona ndi maso anga. Bodi yonse inandidya K2.1 miliyoni, ndipo galimoto inatuluka Khirisimasi itayandikira, yoyera mbee.

Zambiri zagwira, ndizinene kuti ndisawalakwire. Penti wa 2K sanasuluke ngakhale galimoto imagona panja. Zitseko zimatsekeka kamodzi kokha. Madigadi omwe anawongola sanang'aluke. Ku COF, koyesa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, yadutsa kawiri popanda wonena kanthu za bodi. Kumbuyo anadula pansi ponse n'kuikapo chitsulo chatsopano cha mamilimita 2, ndipo apa anaonetsa kuti ntchito amaidziwa: panyamulidwa matumba 20 a chimanga nthawi imodzi, mchenga, njerwa, ngakhale nkhumba, koma dzimbiri palibe. Inenso ndimayala lona ndikanyamula feteleza, n'kutsuka tsiku lomwelo.

Chomwe chandisowetsa mtendere ndi madzi olowa m'kabini.

Zinayamba mu Febuluwale 2024. M'mawa ndikatsegula chitseko munkamveka kafungo ka nsanza yonyowa, magalasi atachita nthunzi m'kati. Tsiku lina ndinatukula kapeti ya mbali yanga, n'kupeza chinsanza chapansi chija chili chonyowa choti n'kufinya. Nditaimba foni, madalawo anati, "Bwana, ameneyo ndi labala wa galasi, wakalamba. Bweretsani tipakepo silikoni." Ndinapita nayo, mnyamata wawo anapaka silikoni kuzungulira kona ija, sanandilipitse, ndinabwerako wokondwa. Ndinadzamva mochedwa kuti silikoni wamba uja, wonunkha ngati viniga, amatulutsa asidi akamauma ndipo amathandizira dzimbiri pachitsulo. Madzi anachepako, mvula inatha mu Epulo, ine n'kuiwala. Chilimwe chonse ndinkangoitamanda galimotoyi, mpaka ndinatumiza anthu awiri kwa mmisiri yemweyo.

Mu Okutobala panatuluka timatuza titatu papenti, pansi penipeni pa kona ya galasi, tating'ono ngati njere za mapira. Mayi akunyumba atationa anangoti, "Chikomekome cha mkuyu," osaumaliza n'komwe mwambiwo. Pofika Disembala limodzi linali litakula ngati ndalama yachitsulo. Ndinalisindikiza ndi chikhadabo, penti anaphulika, munatuluka timadzi tofiirira. Ndinapitanso ku Biwi. Ndinapeza galaja yodzaza ndi maminibasi, madala aja n'kundiuza kuti, "Mvula ikatha, bwana, panopa penti sangaume bwino." Kuchoka apo ndinaimba kanayi. Kawiri sanayankhe, kawiri anayankha mnyamata kuti abwana atuluka.

Kenaka mu Januwale 2025 ndinanyamula matumba 12 a feteleza wobereketsa kupita kumunda, kupitirira Mitundu njira ya ku Dzalanyama. Mvula inali itagwa usiku wonse ndipo inali isanakate. Ndili pa giya yachiwiri, mahabu otseka, injini inangoti zii. Sinatsokomole, sinanjenjemere, inangozima ngati munthu wapotokola kiyi. Sitata imatembenuza bwinobwino koma osalira. Ndinaganiza za dizilo, pakuti masiku amenewo mafuta ankasowa ndipo omwe anali m'thankimo ndinachita kuwagonera pamzere, mwina anali ndi madzi. Ndinapopa pafyuluta mpaka chala kuwawa, osatheka.

Mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto ndi yemwe anakanditengera makaniko ku Mitundu. Anafika atavala jumbo kumutu, mwana wamng'ono ndithu. Sanatulutse sipana. Anandiuza ndipotokole kiyi, iye ataika khutu pafupi ndi pampu ya dizilo. "Bwerezani, madala." Ndinabwereza. "Sikulira." Papampu ya injini zimenezi pali kachitsulo kotchedwa solenoid, komwe kamatsegula njira ya dizilo kakalandira moto wa kubatire, ndipo moto ukaduka kamatseka, injini n'kuzima. Kakamatseguka kamamveka kuti tha. Anatenga waya, n'kulumikiza kuchokera kubatire mpaka pa kachitsuloko, galimoto inalira nthawi yomweyo. Atatero anagwada pakhomo langa, anachotsa chipulasitiki chomwe chimaphimba mafyuzi pafupi ndi phazi lakumanja, n'kuunikamo ndi tochi ya foni. Timiyendo ta mafyuzi tinali tobiriwira, dontho likutsika pawaya ife tikuona. "Madala, galimoto yanuyi ikumwa madzi kuchokera kumwamba."

Tinakhala pamenepo maola atatu. Matumba awiri ananyowa ngakhale ndinafunditsa lona. Makaniko ndi wakabaza anatenga K35,000, ndipo kufikira ndinapeza wa zamagetsi wotsuka mafyuziwo, pozimitsa galimoto ndinkachita kutsegula boneti kukachotsa waya. Usiku umenewo, akanabwera munthu ndi K6 miliyoni ndikanam'patsa makiyi.

Ntchito ya kumunda sinandilole kuimika galimoto, ndiye ndinkangoiphimba kumaso ndi pulasitiki ikaima. Sabata yathayi m'pamene ndinapita nayo kwa mmisiri wina kuti aone. Iyeyu anayamba ndi maginito a sipika yakale. Pachitseko anagwira, pamadigadi anagwira, padenga anagwira, atafika pakona ija anagwa pansi. Anachotsa galasi, mawaipa ndi chivundikiro chomwe chili pansi pa mawaipawo, zonse zinaonekera poyera.

Pansi pa mawaipa pali mphako yomwe imalandira madzi otsika pagalasi, ndipo madziwo amayenera kutulukira m'mbali, kuseri kwa madigadi. Kabowo kotulutsira madzi ka mbali yanga kanali kotsekeka ndi fila. Ndiye mvula ikagwa munkakhala dziwe. Chigamba chomwe anaika pabowo lakale lija sanachilowetse m'malo mwa chitsulo chowola, anangochisanjika pamwamba pake, n'kuwotcherera ndi mkuwa pamoto wa gasi, n'kuphimba ndi fila. Kuseri kwake kunali chitsulo chosapaka kanthu, chopserera ndi moto. Pakati pa zitsulo ziwiri zosanjikizana madzi amalowa koma satuluka, fila nayenso amamwa madzi akawapeza kuchokera kuseri, ndiye dzimbiri lakale lija linangopitiriza pomwe linalekezera mpaka linaboola njira yotsikira pamafyuzi. Labala wa galasi analibe mlandu uliwonse. Pamalo ngati amenewa pamafunika kudula mpaka upeze chitsulo chowala, kusema chigamba cholowa ndendende, kuwotcherera pang'onopang'ono ndi makina a CO2 kuti chitsulo chopyapyalacho chisapindike ndi kutentha, kupaka pulayima wa epoxy mbali zonse ziwiri, kumata msoko ndi seam sealer, fila n'kubwera pomalizira, wochepa wongosalazira. Mmisiri wachiwiriyo anawerengera zonsezi pamodzi ndi labala watsopano komanso mawaya a mafyuzi, n'kulemba K640,000 ija.

Ndinaimbira bambo a ku Dedza aja kuwauza za fila wakale. Anati nawonso anaigula ili choncho. Mwina n'zoona. Sanapepese, sananene zobweza kalikonse, ndipo ine ndawasiya, pakuti injini ndi giyabokosi zomwe anandilonjeza kuti n'zabwino sizinandikhumudwitsepo mpaka lero.

Lolemba ndinalawirira ku Biwi ndi zithunzi m'foni, mtima uli m'mwamba, nditakonzeka kukangana. Madalawo anavala magalasi awo, anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, kenaka anaitana mnyamata uja n'kumuonetsa osayankhula kanthu. Atatembenukira kwa ine anati, "Bwana, apa ndalakwa ndine. Sabata imeneyo gasi anali atakwera, inu mumafuna galimoto Khirisimasi isanafike, ndinamusiyira mwanayu kona imeneyi ine ndili kumbuyo. Sindinayang'ane asanaphimbe." Zoti ndinkawafulumiza n'zoona, ndinkaimba tsiku ndi tsiku. Anati akonzanso osandilipitsa ntchito ya manja, ine ndingogula zipangizo, ndipo makina a CO2 akabwereka kwa mnzawo. Titawerengera, zipangizozo zinakwana K280,000.

Mkwiyo unatsika, sindikana. Munthu wamkulu kuvomera kulakwa pamaso pa antchito ake si chinthu chapafupi. Koma pali chimodzi chomwe chikundiwawabe, ndipo ndinawauza pamaso. Tsiku lomwe ankapaka silikoni, mu Febuluwale 2024, ankadziwa kuti pakona imeneyo pali chigamba chawo. Akanachotsa chivundikiro chija, ntchito ya mphindi zochepa chabe, akanaona kabowo kotsekeka, ndipo zikanathera pa kuboola ndi kupaka. M'malo mwake ndinayenda chaka chathunthu ndi dziwe pamwamba pa mafyuzi, n'kukafera m'matope ndi feteleza kumbuyo. Ndipo mafoni anayi aja omwe iwo sanayankhe anandipweteka kuposa dzimbirilo, poti ndinali nditawonjezera K500,000 popanda kuwavutitsa. Pa zimenezi anangoweramitsa mutu.

Ndikawerengera zonse, kugula, bodi, zipangizo zatsopanozi, makaniko, wa zamagetsi ndi matumba awiri aja, galimotoyi yandidya pafupifupi K9.9 miliyoni. Pa ndalama imeneyo lero sindikuona komwe ndingapeze 4x4 ya dizilo yokwera kumunda kwathu mu Januwale itasenza tani imodzi. Choncho kukonzetsa bodi sindikudandaula, ndipo maganizo ogulitsa aja anatha. Chomwe sindingachitenso ndi kupereka ndalama yonse pamodzi n'kumadikira kunyumba. Ulendo uno chitsulo, pulayima ndi seam sealer ndagula ndekha, ndipo tagwirizana kuti sapaka kanthu pamsoko ndisanauone kutsogolo ndi kuseri komwe.

Galimoto ili kumeneko kuyambira Lachitatu. Dzulo ndinadutsako, ndinapeza adula bowo lalikulu ngati chikhatho changa, m'mbali mwake chitsulo chikuwala, madala eni ake atagwira chigamba akuchiyesa, kuchichotsa, kuchipala pang'ono, kuchiyesanso. Kabowo kotulutsira madzi katseguka, ndinalowetsamo chala.

Alamu ndawauza adikire kaye. Galasi likabwerera, Loweruka la sabata yamawa, tikathira madzi a paipi pamenepo kwa mphindi 20 kapeti itachotsedwa, ndipo ndawapempha abwere adzagwire okha pansi. Pakakhala pouma ndidzawapatsa nambala ya madalawo, pamodzi ndi maginito a sipika aja.