Amayi ophika amene anamvetsa vuto langa la tirigu

Kwa zaka 3 tsopano thupi langa limakana guluteni, puloteni yopezeka mu tirigu ndi balere, ndipo ndikadya sikono imodzi yokha mimba imatupa mpaka mawa lake. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi maso a anthu pamene ndikukana mandasi pa mwambo, chifukwa kwathu kuno wokana chakudya amaoneka wonyada kapena wokayikira wophika.

N'chifukwa chake ndikuyamikira gulu la amayi limene linaphika pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Zomba. Nditafotokoza vuto langa, mayi wotsogolera sanandikakamize kuti ndingolawako pang'ono monga amachitira ambiri. Anakazinga nkhuku yanga m'mafuta atsopano, osati amene anali atakazingira samusa, ndipo anawerenga nane zolembedwa pa paketi ya supu waufa. Titaona kuti muli tirigu, anakonza msuzi wa tomato ndi anyezi basi. Nsima, mpunga wa Kilombero ndi nkhwani wotendera ndinadya mosaopa, popeza chimanga, mpunga ndi nsinjiro zilibe guluteni. Chinandikhudza mtima kwambiri n'chakuti mbale yanga inafika pamodzi ndi za anzanga, moti azakhali sanapeze mpata wofunsa pagulu ngati ndikudwala.

Pamene panaperewera ndi pa tiyi wam'mawa, chifukwa panali buledi ndi makeke okhaokha, chikhalirecho mbatata yophika kapena zitumbuwa za ufa wa chimanga ndi nthochi zikanandikwanira popanda kukweza mtengo. Nditawauza zimenezi, anavomera kuti adzaziphika ulendo wina.