Tsiku limodzi ku Worldcon ya ku Glasgow: ndalama yanga inabwerera patebulo la anthu khumi

Kuyambira pamene tinasamukira ku Paisley, tawuni ya ku Scotland pafupi ndi Glasgow, mwana wanga wamwamuna wakhala akumeza mabuku a nkhani zopeka za sayansi ndi za matsenga ngati munthu wochokera kumunda amene wapeza nsima itaphikidwa kale. Zombo zoyenda pakati pa nyenyezi, maloboti oganiza okha, zinjoka zolavula moto, mafumu a mayiko amene kulibe. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndiye kuwerenga kwanga ndi kwa masamba asanu kenako tulo. Atamva kuti msonkhano waukulu wa alembi ndi owerenga nkhani zoterezi, umene amautchula Worldcon, ukubwera ku Glasgow, sanandipatsenso mpata wopuma. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 13. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, n'kulipira za tsiku limodzi lokha, Loweruka pa 10 Ogasiti 2024.

Kwa amene simunamvepo, msonkhanowu unayamba mu 1939 ku New York ndipo umasuntha mzinda chaka ndi chaka. Wa ku Glasgow unali wa nambala 82, unayamba pa 8 n'kutha pa 12 Ogasiti, ndipo unachitikira ku SEC, malo aakulu ochitirako misonkhano m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Mzinda womwewu unaulandiranso mu 1995 ndi 2005. Amene amauyendetsa ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa, ndipo chimene mumagula amachitcha umembala osati tikiti. Mamembala ndiwo amavotera mphotho za Hugo, zimene alembi a nkhanizi amazilemekeza kwambiri.

Kafikidwe kake n'kosavuta. Tinakwera sitima ku Paisley Gilmour Street, kutsika pa Glasgow Central, kutsikira kunsi n'kukwera ina yopita ku Exhibition Centre. Kuchokera pamenepo pali kanjira kofoleredwa kokafika pakhomo, moti mvula ya ku Scotland sikupezani. Pakhomo anatipatsa mabaji okoleka m'khosi. Anthu akale pamsonkhanowu amamata timaliboni kunsi kwa baji, kena pansi pa kanzake, ena mpaka kufika m'mawondo. Mayi wina wa imvi ataona kuti baji ya mwana wanga ilibe kanthu, anatulutsa kaliboni m'chikwama n'kumumatira yekha, osafunsa n'komwe kuti ndife ochokera kuti.

Pa ola lililonse pamachitika zinthu zambirimbiri nthawi imodzi, ndiye muyenera kusankha n'kuvomereza kuti zina zikudutsani. Ife tinali titasankhiratu kunyumba. Mwanayu ankafuna kumva alembi akuyankha mafunso ongoyerekeza, a mtundu wa "bwanji zikanakhala kuti", ndipo ndi pa zimenezi pamene ndikufuna kuweruza ngati ndalama yanga inagwira ntchito.

Tinayambira m'chipinda chachikulu, momwe alembi anayi anakhala kutsogolo ndi maikolofoni. Mafunso anali oseketsa ndithu. Mutatsekeredwa kwa chaka m'dziko limene munalemba nokha, mungagwire ntchito yanji kuti mudye? Pa anthu onse a m'mabuku anu, ndani amene simungamubwereke ndalama? Chinjoka chitafika pakhomo panu chili ndi njala, mungachipatse chiyani? Anthu anaseka, ife tinaseka nawo. Komabe nditatuluka ndinaona kuti palibe chimene ndanyamula. Pagulu lalikulu mlembi amafuna yankho lofulumira loti anthu aombe m'manja, akangoseka basi apita pa funso lina. Panalinso bambo wina mwa omvera amene atapatsidwa maikolofoni analalikira za maganizo ake kwa mphindi zingapo popanda funso lililonse, ndipo nthawi ya ena inathera pomwepo. Tikanathera pa chipinda chimenechi, ndikananena kuti ndi zosangalatsa koma mukhoza kuonera zofanana nazo pa YouTube muli pa mphasa kwanu.

Masana ndi pamene zinthu zinasintha. Pali mwambo wina pamsonkhanowu woti mlembi mmodzi amakhala patebulo ndi anthu pafupifupi khumi kwa ola limodzi, popanda maikolofoni, popanda wotsogolera. Mipando ndi yochepa, choncho muyenera kulembetseratu, ndipo ife tinachita mwayi. Wathu anali mayi wamsinkhu wapakati amene amalemba za sayansi ndi za matsenga zomwe. Anabwera ndi kapu ya tiyi ndi kakope kakang'ono, n'kunena kuti aliyense afunse chimene akufuna, chopusa chikhale choyamba.

Mwana wanga anali atakonza funso lake kwa sabata yathunthu. Chaka chimene tinapita kumudzi ndinamukweza Ilala kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, ndipo sanaiiwale. Anadzawerenga yekha kuti sitimayi inapangidwa ku Glasgow komweko mu 1949, ku Scotstoun, pa fakitale ya Yarrow, makilomita ochepa chabe kutsika ndi mtsinje kuchokera pamene tinakhala. Anainyamula m'zidutswa kudzera ku Mozambique, n'kukailumikiza kunyanja kwathu, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Ndiye anafunsa, mawu akunjenjemera pang'ono: Ilala ataisandutsa chombo choti izinyamula anthu pakati pa dziko lapansi ndi mwezi, monga imachitira pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, chingayambe kuvuta n'chiyani?

Ndinkayembekezera kuti amuyamikira, anene kanthabwala, apite kwa wina. Mayiwo anaika kapu pansi n'kumufunsa kuti sitimayo imanyamula chiyani. Mwanayu anandiyang'ana, ndiye tinathandizana kutchula: matumba a chimanga, usipa wouma, nkhuku zomangidwa miyendo, njinga, malata, simenti, amayi obereka ana kumbuyo. Anafunsanso kuti anthu amakwera bwanji. Tinawafotokozera kuti kumene kulibe doko sitima imaima patali, ndipo timaboti ndi timene timatuta anthu ndi katundu, ena akulowa m'madzi mpaka m'chiuno atasenza thumba pamutu. Analemba zonsezi m'kakope kaja.

Atatero anayamba kuganiza mokweza, ife tikumva. Anati injini aisiye kaye, chifukwa nkhani ili pa timaboti tija ndi pa mnyamata wosenza thumba. Kumwezi chinthu chimalemera gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a kulemera kwake kuno, ndiye thumba la makilogalamu 50 lingamveke ngati la makilogalamu 8. Mnyamatayo angasenze matumba angapo nthawi imodzi. Kodi amalonda adzamulipirabe pa thumba, kapena adzatsitsa mtengo ponena kuti ntchito yapepuka? Anawonjezera kuti thumbalo likaponyedwa, kuliimitsa kumafuna mphamvu yofanana ndi ya kuno, ndiye wolandira katundu m'boti ndi amene adzayambe kuthyoka mkono. Mnyamata wina patebulopo, wophunzira za uinjiniya, analowererapo n'kunena kuti mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo a ku America amene anapitako pa zombo za Apollo ankayenda masiku atatu kuti akafike. Mlembiyo anatembenukira kwa ine: masiku atatu anthuwo adya chiyani? Ndinati nsima, palibenso china. Anandifunsa kaphikidwe kake, ndipo ndinapezeka ndikusonyeza ndi manja mmene timathirira ufa pang'onopang'ono uku tikuvundula ndi mthiko. Anagwedeza mutu n'kunena kuti pamene zinthu sizigwa pansi, ufawo ungangouluka ngati fumbi, kulowa m'mphuno za anthu ndi m'makina opopa mpweya, ndipo n'chifukwa chake oyenda m'mlengalenga sapatsidwa buledi wonyenyeka. Choncho munthu wofunika kwambiri m'chombocho, anatero, adzakhala amene wapeza njira yophikira nsima m'poto wotseka.

Mwana wanga anali atayiwala manyazi onse. Anafunsa za nkhuku. Tebulo lonse linakambirana za nkhuku kwa mphindi zisanu, ngati ingaikire dzira, ndiponso ngati tambala angalire kopanda mbandakucha.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene ndinalipirira. Kwa alembiwa, funso loseketsa ndi khasu lawo. Pabwalo lalikulu amangolionetsa, koma patebulo laling'ono mumaona akulima nalo: funso limabala funso linzake, ndipo lililonse limabwerera kwa munthu wamba, malipiro ake, mimba yake, mantha ake. Agogo anga ku Zomba ankachita zofananazo. Akati "Padangotero" ife n'kuyankha kuti "Tili tonse", ankatha kuima pakati pa nthano n'kutifunsa kuti ukanakhala Kalulu ukanatani, ndipo yankho la mwana ankalitenga n'kulilowetsa m'nthanomo.

Panachitikanso china chimene sindinachikonzekere. Mtsikana wina anafunsa za zinjoka za m'mabuku, kuti n'chiti chingagonjetse chinzake. Mlembiyo anafunsa ngati wina ali ndi chinjoka cha kwawo chimene iye sanamvepo. Ndinatchula Napolo. Ndinafotokoza kuti akuluakulu amati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba phiri, madzi ndi miyala n'kutsika nacho limodzi. Maso a mayiwo anawala. Anayamba pomwepo: bwanji anthu akanadziwa chaka chimene adzasamuke? Ndani angagule malo a m'njira yake motchipa n'kumachititsa lendi kwa osauka?

Ine mawu anandithera. Napolo kwathu si wa m'buku. Anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, agogo ankasimba. Anadutsa ku Phalombe mu 1991. Ndipo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ankatchula dzina lomweli, uku akukumba matope ndi makasu kufunafuna abale awo. Funso lake la lendi linali lolondola mopweteka, chifukwa amene amamanga m'mphepete mwa phiri ndi amene alibe kwina kopita. Ndinawauza zimenezi mwachidule. Mayiwo anatseka kakope kaja, anapepesa, n'kufunsa ngati abale anga anapulumuka. Sanayese kubweza nthabwala. Anangonena kuti nkhani imeneyo ili ndi eni ake oyenera kuilemba, ndipo iye sali mmodzi wa iwo. Ndinawalemekeza kwambiri pa zimenezo. Ndakatulo za malemu Steve Chimombo zokhudza Napolo ndinaziwerenga kusekondale, ndipo usiku umenewo ndinazikumbuka koyamba patapita zaka zambiri.

Zotsalazo ndingozidutsa. Holo ya ogulitsa ndi yaikulu, yodzaza mabuku atsopano ndi akale, zojambula ndi zidole, ndipo ngati muli ndi mwana wokonda kuwerenga mugwirizane za ndalama musanalowe. Ife tinatuluka ndi mabuku atatu akale. Chakudya tinanyamula chathu, mpunga ndi nkhuku m'kontena, ndipo tinadyera panja pafupi ndi mtsinje. Valani nsapato zofewa chifukwa zipinda zili motalikirana.

Za ku Africa zinalipo, ngakhale munafunika kuzifunafuna. Mmodzi mwa alendo olemekezeka chaka chimenecho anali Nnedi Okorafor, wa ku America koma makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo mwana wanga atamuona akudutsa patali anandikoka dzanja mpaka kundipweteka. Anthu akuda tinali ochepa pakati pa chikhamu chonsecho, moti tikakumana m'njira tinkagwedezerana mutu. Msonkhanowu unali usanachitikepo ku Africa, ndipo kwa munthu wochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata, ndege, viza ndi malo ogona ndi phiri lalikulu kuposa umembala weniweniwo. Koma tebulo la anthu khumi silifuna SEC. Kwathu kuli alembi a nkhani zoterezi, monga Shadreck Chikoti amene anayambitsa Story Club ku Lilongwe, ndipo ndingakonde kumva ana a ku Chinsapo kapena ku Ndirande akuwafunsa mafunso ngati la Ilala lija m'Chichewa.

Kwa anzanga okhala ku Britain amene muli ndi ana otere, malangizo anga ndi awa. Tsiku limodzi ndi lokwanira ulendo woyamba. Lembetsani matebulo aang'ono msanga, ngakhale mlembiyo musakumudziwa, chifukwa wathuyo sitinkamudziwa. Mwana akonzeretu funso lochokera ku moyo wake weniweni, osati limene akuganiza kuti azungu alikonda. Worldcon ikakhala kutali, kuno kumachitika msonkhano wocheperapo wotchedwa Eastercon chaka chilichonse nyengo ya Pasaka. Pa nyenyezi zisanu, chipinda chachikulu chija ndikuchipatsa zitatu, tebulo lija zonse zisanu.

Potuluka madzulo tinadutsa pa Finnieston Crane, chimakina chachitsulo chimene kale chinkakweza mitu ya sitima zapamtunda m'sitima zapamadzi. Mwana wanga anaima n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. M'sitima yobwerera ku Paisley anatulutsa kope lake la masamu n'kuyamba kuwerengera kuti anthu 400 angafune malita angati a madzi pa masiku atatu. Tikuyandikira siteshoni yathu anadzutsa mutu n'kundifunsa kuti, "Amayi, poto wa nsima ya anthu khumi amalowa ufa wochuluka bwanji?" Ndinamuuza kuti tikafika kunyumba tikayeza pa sikelo, ndipo tinakayezadi usiku womwewo.